Mbiri ya 3C 273, Nyenyezi Imene Idapezeka Kuti Si Nyenyezi

Munthu aliyense amene ali ndi wailesi m'nyumba mwake amalidziŵa phokoso limene limamveka usiku pamene akufunafuna nyumba youlutsira mawu. Pamamveka kuthetheka, makamaka m'dzinja ziphaliwali zikamang'anima, ndipo pansi pa kuthethekako pamakhala kaphokoso kena kosalekeza, konga ka mvumbi pa denga la udzu. Anthu ambiri amadana nalo phokosoli pakuti limawasokonezera nkhani ndi nyimbo. Koma kudali munthu wina amene adalembedwa ntchito yoti alimvetsere, ndipo kumvetsera kwakeko kudatsekula njira yatsopano yophunzirira zakuthambo. Nkhani ya lero ilondola njira imeneyo, kuchokera pa kaphokoso ka m'wailesi kufikira pa chinthu china chakutali zedi chimene akatswiri adachitcha 3C 273.

Munthuyo adali Karl Jansky, injiniya wachinyamata wa kampani ya Bell Telephone Laboratories ku America. Kampaniyo inkatumiza mawu a telefoni kutsidya kwa nyanja ya Atlantic pa mafunde a wailesi, ndipo idafuna kudziŵa gwero la phokoso losokonezalo. Ku Holmdel, m'chigawo cha New Jersey, Jansky adamanga mlongoti wa matabwa ndi mapaipi wotalika mamita 30, naukhazika pa mawilo a galimoto ya Ford kuti uzizungulira. Pofika m'chaka cha 1932 adasiyanitsa mitundu itatu ya phokoso: la mabingu apafupi, la mabingu akutali, ndi lina losalekeza limene linkakula ndi kuchepa tsiku lililonse. Poyamba adaganizira dzuŵa. Koma adaona kuti phokosolo limabwerera pakatha maola 23 ndi mphindi 56, ndiye kuti linkafulumira ndi mphindi zinayi tsiku ndi tsiku, monga m'mene nyenyezi zimachitira. Motero adazindikira kuti likuchokera pakatikati pa Mlalang'amba, ndipo adalengeza zimenezi m'chaka cha 1933.

Akatswiri a zakuthambo a masiku amenewo sadalabadire kwenikweni. Amene adaitola nkhaniyi adali Grote Reber, mnyamata wokonda kuseŵera ndi mawailesi, wa m'tauni ya Wheaton kufupi ndi Chicago. M'chaka cha 1937 iye adamanga ndi ndalama za m'thumba mwake chimbale chachitsulo cha mamita 9 m'mimba mwake, pabwalo la kwawo. Masana ankapita ku ntchito, usiku namamvetsera kumwamba, magalimoto osokoneza makina ake atasiya kuyenda. M'chaka cha 1944 adasindikiza mapu oonetsa mbali za thambo zimene zimatulutsa mafunde a wailesi.

Kuona mwachimbuuzi

Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse idaphunzitsa anyamata ambiri luso la makina a radar, ozindikirira ndege za adani. Nkhondo itatha, ena mwa iwo adabwerera ku masukulu aukachenjede ali ndi luso limenelo pamodzi ndi zipangizo zotsala ku nkhondo. Magulu atatu ndiwo adatsogola: la Martin Ryle ku Cambridge, la Bernard Lovell ku Jodrell Bank kufupi ndi Manchester, ndi la Joseph Pawsey ku Sydney. Posakhalitsa adapeza kuti kumwamba kuli malo ena ang'onoang'ono amene amatulutsa mafunde amphamvu kwambiri.

Vuto lawo lalikulu lidali lakuti makina a wailesi amaona mwachimbuuzi. Lamulo lake ndi lakuti chida chilichonse choonera kutali chimaona bwino pamene kukula kwake kwaposa kambirimbiri kutalika kwa funde limene chikulandira. Funde la kuŵala kumene maso amaona ndi lalifupi kotero kuti mafunde 2,000 angakwane m'milimita imodzi. Koma funde la wailesi limene akatswiriwo ankalandira lidali la mita imodzi kapena iŵiri. Chifukwa cha ichi, ngakhale chimbale cha mamita makumi angapo chinkalephera kusiyanitsa zinthu ziŵiri zotalikirana monga m'mene nkhope ya mwezi ikulira. Pa malo otere, chithunzi cha thambo chimaonetsa nyenyezi mazanamazana. Akatswiriwo adali ngati munthu womva ng'oma usiku, amene angaloze kuti ikulira cha kumpoto, koma sangatchule mudzi wake.

Njira yothetsera vutoli idali yomanga milongoti iŵiri motalikirana ndi kuilumikiza ndi waya. Funde lochokera kumwamba limafika pa mlongoti umodzi lisanafike pa unzake, monga m'mene mawu amafikira khutu limodzi msanga kuposa linzake, ndipo kusiyana kwa nthaŵi kumeneko kumaulula kumene fundelo lachokera. Milongoti iŵiri yotere imaona mwatchutchutchu ngati chimbale chimodzi chachikulu monga mtunda wa pakati pake. Ryle adayamba kugwiritsa ntchito njirayi m'chaka cha 1946, ndipo ntchito yake idampatsitsa mphotho ya Nobel m'chaka cha 1974. A ku Australia adachenjera mwa njira ina: adaika mlongoti umodzi pamwamba pa thanthwe la Dover Heights, nagwiritsa ntchito nyanja ngati kalilole wobweza mafunde. M'chaka cha 1959 gulu la ku Cambridge lidasindikiza mndandanda wake wachitatu wa zinthu 471 zotulutsa mafunde a wailesi. Apa ndi pamene padachokera dzina loti 3C 273: chinthu cha nambala 273 pa mndandanda wachitatu wa ku Cambridge.

Kuti omvera athe kulondola bwino nkhaniyi, mpofunika kudziŵa muyeso umene akatswiri amayezera kukula kwa chinthu monga chimaonekera kuthambo. Iwo amagaŵa digiri imodzi m'timagawo 3,600, ndipo kagawo kamodzi amakatcha arcsecond. Nkhope ya mwezi ndi timagawo pafupifupi 1,800. Kagawo kamodzi ndi kukula kumene ndalama yachitsulo ingaonekere itaikidwa pa mtunda wa makilomita 5.

Zambiri mwa zinthu za pa mndandandawo zidapezeka kuti ndi milalang'amba yakutali, yooneka yotambalala. Koma gulu la Henry Palmer ku Jodrell Bank, limene lidatalikitsa milongoti yake mpaka kupitirira makilomita 100, lidapeza zinthu zingapo zochepera arcsecond imodzi. Chimodzi mwa izo chidali 3C 48. M'chaka cha 1960 Thomas Matthews adayeza malo ake, ndipo Allan Sandage adajambula malowo ndi galasi lalikulu la mamita 5 la pa phiri la Palomar ku California. Pa chithunzipo padaoneka kanthu kobiriŵira konga nyenyezi wamba.

Kuŵala kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu kumagaŵikana mitundu monga utawaleza, ndipo mpweya kapena chitsulo chilichonse chimasiya mizere yakeyake pa malo ake odziŵika, ngati chidindo cha chala. Mizere ya 3C 48 siidafanane ndi ya chinthu chilichonse chodziŵika. Akatswiri adangoti imeneyi ndi nyenyezi yachilendo ya mu Mlalang'amba momwemu, nkhaniyo nkukhala chigonere kwa zaka ziŵiri.

Mwezi uthandiza

3C 273 idali pakati pa zinthu zamphamvu kwambiri pa mndandanda uja, koma malo ake enieni sadali kudziŵika. Amene adapeza nzeru adali Cyril Hazard, Mngelezi amene pa nthaŵiyo ankagwira ntchito ku Sydney. Mwezi umayenda pakati pa nyenyezi kuloŵera kum'maŵa, ndipo pa ola limodzi umasuntha mtunda wofanana ndi nkhope yake. Malo a mwezi pa sekondi iliyonse ndi odziŵika bwino lomwe. Tsono mwezi ukaphimba chinthu chotulutsa mafunde, mafundewo amaduka, ukachivundukula, amabwerera. Munthu akalemba nthaŵi ziŵirizi mosaphonya, angathe kuŵerengera malo a chinthucho molondola kuposa m'mene chimbale chingachitire pachokha.

M'chaka cha 1962 mwezi udadutsa pa 3C 273 kangapo. Hazard, pamodzi ndi M. B. Mackey ndi A. J. Shimmins, adagwiritsa ntchito chimbale chatsopano cha mamita 64 cha ku Parkes, m'chigawo cha New South Wales, chimene chidatsekulidwa m'chaka cha 1961. Padali chopinga chimodzi: chimbalecho sichinkatha kuŵerama mokwanira kuti chilondole mwezi utapendeka. Mkulu wa malowo, John Bolton, adachita kupala chitsulo china cha makinawo kuti chimbale chiŵerame pang'ono kupitirira malire ake. Kudali kuika pachiswe chuma cha boma cha mtengo wapatali, koma mwayi wotere sukadabweranso msanga. Zimene adalemba pa 5 Ogasiti ndi pa 26 Okutobala zidaonetsa kuti 3C 273 ili ndi mbali ziŵiri zotalikirana timagawo pafupifupi 20, ndipo malo a mbali iliyonse adadziŵika mpaka pa arcsecond imodzi.

Ziŵerengerozi zidatumizidwa ku California, kwa Maarten Schmidt, katswiri wobadwira ku Holland amene ankagwira ntchito pa sukulu ya Caltech. Pa zithunzi za ku Palomar, mbali imodzi idagwera pa kanthu konga nyenyezi, kozilala kokwana 600 kuposa nyenyezi yozilala kwambiri imene maso angaone. Mbali inayo idagwera kunsonga ya kamzere kotuŵa kotuluka m'kanyenyeziko. Kumapeto kwa Disembala 1962 Schmidt adagaŵa kuŵala kwake, napeza mizere yosadziŵika monga ya 3C 48.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Schmidt adakhala ndi mizereyo sabata zisanu ndi imodzi. Pa 5 Febuluwale 1963, akulemba lipoti lake, adaona kuti inayi mwa mizereyo idatalikirana mwa dongosolo lofanana ndi la haidrojeni, mpweya wopezeka ponseponse m'chilengedwe. Chimene chidaibisa chidali chakuti yonse idasunthira ku mbali yofiira ya utawaleza ndi magawo 16 pa 100 aliwonse.

Kusuntha kotere kudali kodziŵika kale. Kulira kwa sitima ya pamtunda kumamveka kokwera sitimayo ikamabwera, ndipo kumatsika ikamapita, pakuti mafunde a chinthu chothaŵa amatanuka. Kuŵala nakonso kumatero: kwa chinthu chothaŵa kumafiirira. M'chaka cha 1929 Edwin Hubble adaonetsa kuti milalang'amba ikutalikirana, ndi kuti wakutali kwambiri ndiwo umathaŵa mwaliŵiro kwambiri. Kusuntha kwa magawo 16 kudatanthauza liŵiro la makilomita oposa 40,000 pa sekondi imodzi. Palibe nyenyezi ya mu Mlalang'amba imene ingathamange chotero. Kuŵala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo kumatenga mphindi 8 kuchokera ku dzuŵa kufika padziko. Potsata lamulo la Hubble, kuŵala kwa 3C 273 kudayenda ulendo wa zaka pafupifupi mamiliyoni 2,000. Kuti chinthu chakutali chotero chioneke choŵala monga chidaonekera, chidayenera kuposa kuŵala kwa nyenyezi zonse za mlalang'amba waukulu kokwana 100.

Tsiku lomwelo Schmidt adauza mnzake Jesse Greenstein, ndipo atabwerera ku mizere ya 3C 48 adapeza kuti idasuntha ndi magawo 37 pa 100. J. B. Oke adatsimikiza zonsezi atapeza mzere wina wa haidrojeni pa malo amene kusunthako kudaloza. Malipoti anayi adatuluka pamodzi m'magazini ya Nature pa 16 Malichi 1963. Chaka chotsatira katswiri wina, Hong-Yee Chiu, adafupikitsa dzina lalitali la Chingerezi limene zinthuzi zidapatsidwa kukhala liwu limodzi, quasar.

Mwambi wovuta kumasula

Yankho limeneli lidabala funso lalikulu kuposa loyamba. M'chaka chomwecho cha 1963 Harlan Smith ndi Dorrit Hoffleit adafufuza zithunzi zakale za ku Harvard, zina za m'chaka cha 1887, napeza kuti 3C 273 idali kujambulidwa nthaŵi yonseyo popanda woizindikira, ndi kuti kuŵala kwake kumakwera ndi kutsika. M'chaka cha 1965 William Dent adaonetsa kuti mafunde ake a wailesi nawonso amasintha. Chinthu sichingasinthe chonse pamodzi msanga kuposa nthaŵi imene kuŵala kumatenga kuchidutsa, monga m'mene mudzi sungasonkhane uthenga wa mfumu usanafike ku nyumba yotsiriza. Ngati tsono 3C 273 imasintha pa miyezi yoŵerengeka, ng'anjo yake iyenera kukhala yaing'ono, yoti kuŵala kuidutse pa miyezi yomweyo. Mlalang'amba uno, kuŵala kumaudutsa pa zaka 100,000. Kanthu kochepa chonchi kangapose bwanji milalang'amba 100?

Akatswiri ena, monga Halton Arp, adakana kuti zinthuzi zili kutali. Iwo adati kufiira kwa kuŵala kwake kuli ndi chifukwa china chosadziŵika. Mkanganowu udali waukulu, pakuti akadakhala olondola, muyeso umene anthu ankayezera kukula ndi zaka za chilengedwe chonse ukadakhala wokayikitsa. Ena, monga Edwin Salpeter ku America ndi Yakov Zeldovich ku Soviet Union m'chaka cha 1964, kenaka Donald Lynden-Bell m'chaka cha 1969, adati gwero la mphamvuyo ndi dzenje lakuda, ndiye kuti chinthu cholemera ndi chothinana kwambiri kotero kuti ngakhale kuŵala sikungatulukemo. Mpweya wogwera m'dzenjelo umayamba wazungulira ngati madzi a pa kamvuluvulu, nukhuzana ndi kutentha koopsa usanamezedwe. Kuti mlanduwu uweruzidwe, padafunika kuyang'ana mu mtima mwenimweni mwa quasar, ndipo zimenezi zidafuna milongoti yotalikirana makilomita zikwi zambiri.

Waya sungayalidwe kudutsa makontinenti popanda kuwononga mafunde osalimbawo. Nzeru yake idali yoti chimbale chilichonse chijambule mafunde ake pa tepi, pamodzi ndi zizindikiro za nthaŵi zochokera ku wotchi ya atomu imene siitaya ngakhale kagawo kakang'ono ka sekondi. Pambuyo pake matepiwo asonkhanitsidwe pa malo amodzi ndi kuseŵeredwa pamodzi, ngati kuti zimbalezo zidali zolumikizidwa. Akatswiri atatu a ku Soviet Union, Leonid Matveenko, Nikolai Kardashev ndi Gennady Sholomitsky, adalemba za njirayi m'chaka cha 1965. Oyamba kupambana adali a ku Canada, amene pa 17 Epulo 1967 adagwirizanitsa chimbale cha ku Algonquin ndi cha ku Penticton, zotalikirana makilomita 3,074. Iwo adapeza kuti mtima wa 3C 273 ndi wochepera gawo limodzi mwa magawo 50 a arcsecond. Magulu a ku America adapambananso m'chaka chomwecho. Njirayi imadziŵika ndi zilembo zoti VLBI.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito iyi idakakamiza maiko kugwirizana. M'chaka cha 1969, pamene America ndi Soviet Union ankayang'anizana ndi diso lofiira, Kenneth Kellermann ndi anzake adagwirizanitsa chimbale cha ku Green Bank ndi cha ku Simeiz m'dera la Crimea, mothandizana ndi Matveenko. Wotchi ya atomu idachita kunyamulidwa pa ulendo ikuyenda, kuti nthaŵi ya mbali ziŵirizo ifanane. Pofika m'zaka za m'ma 1970 akatswiri a wailesi, amene kale ankaona mwachimbuuzi, adayamba kuona gawo limodzi mwa magawo 1,000 a arcsecond. Kumeneku kuli ngati kuona msinkhu wa munthu woimirira pa mwezi. Adaposa kutalitali magalasi onse a nthaŵi imeneyo.

Liŵiro loposa la kuŵala

M'mwezi wa Okutobala chaka chilichonse dzuŵa limadutsa pafupi ndi 3C 273, niliphimba quasar ina yotchedwa 3C 279. M'chaka cha 1970 gulu la Irwin Shapiro lidagwiritsa ntchito mwayi umenewu kuyesa chiphunzitso cha Albert Einstein chakuti dzuŵa limakhotetsa mafunde odutsa pambali pake. Lidagwirizanitsa chimbale cha ku Haystack, m'chigawo cha Massachusetts, ndi cha ku Goldstone ku California. Pobwereza ntchitoyo patapita miyezi inayi, adaona kuti mbali ziŵiri za mu mtima mwa 3C 279 zatalikirana, ndipo ataŵerengera adapeza liŵiro looneka ngati loposa la kuŵala pafupifupi kakhumi. Gulu la Marshall Cohen lidaona zofanana ndi zimenezi mu 3C 273, ndipo malipoti onse aŵiri adatuluka m'chaka cha 1971. M'chaka cha 1981 Timothy Pearson ndi anzake adasindikiza mapu a 3C 273 ojambulidwa kuyambira 1977 kufikira 1980, oonetsa poyera kachibulumwa koŵala kakuchoka pa mtima wake chaka ndi chaka.

Einstein yemweyo adaphunzitsa kuti palibe chinthu chimene chingapose kuŵala. Otsutsa aja adati umenewu ndi umboni wakuti zinthuzi zili pafupi, pakuti chinthu chapafupi sichisoŵa liŵiro lalikulu kuti chioneke chikusuntha. Koma Martin Rees, ali wophunzira ku Cambridge, adaneneratu za chinyengo chimenechi m'chaka cha 1966. Tanthauzo lake ndi ili. Kachibulumwa kaponyedwa pa liŵiro loyandikira la kuŵala, molunjika pafupifupi ku dziko lino. Pa zaka 10 kayandikira ndi mtunda umene kuŵala kumayenda pa zaka 9, ndipo kapatukira cham'mbali ndi mtunda wa zaka 4. Kuŵala kochokera pa malo achiŵiriwo kwanyamuka mochedwa ndi zaka 10, koma ulendo wake wafupika ndi zaka 9, motero kukufika patangopita chaka chimodzi chifikire koyamba kuja. Woyang'ana ali padziko aona kanthuko katasuntha mtunda wa zaka 4 pa chaka chimodzi, naganiza kuti kaposa kuŵala kanayi. Lamulo la Einstein silidasweke. Kachibulumwako kankangothamangitsa kuŵala kwake komwe.

Chimene mapuwa adatsimikiza ndi chakuti mu mtima mwa quasar mumatuluka mtsinje wopapatiza wa tinthu tamagetsi, wothamanga pafupifupi ngati kuŵala. Kamzere kotuŵa kamene Schmidt adaona pa chithunzi ndi mathero a mtsinje womwewo, umene kutalika kwake ndi ulendo wa kuŵala wa zaka pafupifupi 200,000. Za mtunda nazo zidadziŵika bwino pamene magalasi apadziko, ndipo pambuyo pake galasi la Hubble la m'mlengalenga m'zaka za m'ma 1990, adaonetsa kuti quasar imakhala pakati pa mlalang'amba wakutali, ndipo kuŵala kwa nyenyezi za mlalang'ambawo kumafiirira mofanana ndi kwa quasar. Lero akatswiri amavomerezana kuti pakati pa 3C 273 pali dzenje lakuda lolemera ngati madzuŵa mamiliyoni mazana angapo. Schmidt mwini wake adaonetsa m'chaka cha 1968 kuti zinthuzi zidali zochuluka kwambiri kalekale kuposa tsopano, umboni wakuti chilengedwe chakhala chikusintha ndipo sichidakhale chimodzimodzi nthaŵi zonse. Iye adamwalira m'chaka cha 2022 ali ndi zaka 92.

Kupitirira malire a dziko

Zimbale ziŵiri zapadziko sizingatalikirane kuposa kukula kwa dziko lenilenilo, makilomita pafupifupi 12,700. M'chaka cha 1993 America adatsiriza kumanga zimbale khumi za mamita 25 chilichonse, zoyambira ku Hawaii kufikira ku chilumba cha St Croix, zongogwira ntchito imeneyi. Kupitirira apo kudatsala njira ziŵiri: kutumiza chimbale m'mlengalenga, kapena kulandira mafunde aafupi kwambiri.

Japan adatsata njira yoyamba m'chaka cha 1997 ndi chombo chotchedwa HALCA. Pa 18 Julayi 2011 Russia adaponya kuchokera ku Baikonur chimbale cha mamita 10 cha ntchito yotchedwa RadioAstron, motsogozedwa ndi Kardashev yemwe uja, ndipo njira yake inkafika pafupifupi makilomita 350,000 kuchokera padziko. Pogwira ntchito pamodzi ndi zimbale za ku Effelsberg, Green Bank, Arecibo ndi New Mexico, chidayang'ana 3C 273 pa mtunda wa makilomita 171,000 pakati pa milongoti. Lipoti la Yuri Kovalev ndi anzake la m'chaka cha 2016 lidaonetsa kuti mtima wa quasar imeneyi umaŵala ngati chinthu chotentha madigiri oposa 10,000,000,000,000, kuŵirikiza kakhumi kapena kuposa malire amene chiphunzitso chidaika. Chombocho chidasiya kugwira ntchito m'chaka cha 2019.

Njira yachiŵiri idatsatidwa ndi gulu la Event Horizon Telescope, limene mu Epulo 2017 lidagwirizanitsa makina asanu ndi atatu, kuyambira ku Spain, Hawaii ndi Chile kufikira ku South Pole, pa funde la mamilimita 1.3. Matepi adali ataloŵedwa m'malo ndi zosungira za kompyuta, koma zidanyamulidwabe pa ndege kupita ku malo oŵerengera monga kale. Pa 10 Epulo 2019 gululi lidaonetsa chithunzi choyamba cha mthunzi wa dzenje lakuda, la mu mlalang'amba wa M87. Chaka chotsatira lidaonetsa tsinde la mtsinje wa 3C 279 mwatchutchutchu wofanana ndi kuona ndimu yaing'ono ili pa mwezi.

Africa nayo ili ndi gawo lake m'mbiri imeneyi. Ku Hartebeesthoek, kufupi ndi Johannesburg, kuli chimbale cha mamita 26 chimene bungwe la NASA lidamanga m'chaka cha 1961 cholondolera zombo za m'mlengalenga. Bungwelo litachoka m'chaka cha 1974, chimbalecho chidasanduka cha maphunziro a zakuthambo, ndipo chakhala chikugwira ntchito pamodzi ndi za ku Ulaya, pakuti kukhala kwake kumwera kumatalikitsa mtunda wa pakati pa milongoti. M'chaka cha 2017 Ghana adatsekula chimbale cha mamita 32 ku Kuntunse, chimene kale chidali cha mtokoma, ndipo m'chaka cha 2018 South Africa adatsekula zimbale 64 za MeerKAT m'chipululu cha Karoo. Zambia ndi Mozambique ali pakati pa maiko asanu ndi atatu a mu Africa amene adagwirizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu ya Square Kilometre Array.

Wina angafunse kuti zonsezi zimpindulira chiyani mlimi kapena msodzi. Popeza zinthuzi zili kutali kotero kuti sizioneka kusuntha, zidasanduka zikhomo zoyezera dziko lenileni. Kuyambira pa 1 Januwale 1998, mapu ovomerezeka a thambo lonse adakhazikika pa malo a zinthu zoterezi. Poziyang'ana, zimbale zimayeza m'mene dziko likuzungulirira tsiku ndi tsiku, ndipo zidaonetsa kuti Ulaya ndi North America akutalikirana pafupifupi masentimita 2 pa chaka. Miyeso ya kuzungulira kwa dziko imeneyi ndiyo imathandiza kuwongola makina a GPS, amene amatsogolera ndege, sitima zapamadzi, oyeza malo, ngakhale lamya za m'manja.

3C 273 ili m'gulu la nyenyezi lotchedwa Virgo, pafupi ndi mzere wogaŵa thambo pakati, kotero kuti imaoneka kumpoto ndi kumwera komwe kwa dziko. Kuno ku Malaŵi imakhala pamwamba madzulo m'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni, mvula itakata ndipo thambo litayera. Maso okha sangaione, koma munthu wokhala ndi galasi loonera kutali la masentimita 20 m'mimba mwake, ndi mapu abwino, angathe kuipeza ngati kadontho kozilala pakati pa nyenyezi zina. Kuŵala kwa kadontho kameneko kudanyamuka pa nthaŵi imene padziko padalibe mtengo, nsomba kapena nyama, koma tizilombo tosaoneka ndi maso tokha m'madzi.